Kodi anthu asanu n'ngokwanira? Zimene Barking ikuonetsa pa kafukufuku wachangu

Munthu akatsika sitima pa siteshoni ya Barking, kum'mawa kwa mzinda wa London, n'kuyenda pang'ono kulowera kumsika wa mu East Street, amamva zinenero zambiri asanafike n'komwe pa benchi yoyamba ya ogulitsa: Chiyoruba, Chibengali, Chiromaniya, Chiurdu, Chipwitikizi ndi Chingerezi cha katchulidwe kosiyanasiyana. Ena mwa anthuwa makolo awo ankagwira ntchito pa fakitale ya galimoto za Ford ku Dagenham. Ena anafika ku Britain chaka chatha chomwechi.

Onsewa pali chimene chimawalumikiza. Pafupifupi chilichonse chimene akufuna ku boma masiku ano chimadzera pa foni kapena pa kompyuta: kupempha thandizo la ndalama la Universal Credit, kupezera mwana malo a sukulu, kulipira msonkho wa nyumba ku khonsolo, ngakhalenso kupempha tsiku loonana ndi dokotala. Kwa obwera kuchokera kunja, kuphatikizapo Amalawi, umboni woti munthu akukhala m'dzikomo movomerezeka nawonso unasamukira pa intaneti, pakuti makadi ambiri a BRP anatha mphamvu pa 31 Disembala 2024 ndipo m'malo mwake munalowa eVisa. Funso limodzi losamveka bwino pa fomu likhoza kuchedwetsa ndalama ya lendi, kapena kuchititsa kuti olemba ntchito akayikire chiphaso cha munthu wosalakwa.

Kuseri kwa fomu iliyonse kumakhala kagulu ka anthu amene anasankha mawu, kutsogoza funso ili n'kutsiriza ndi ilo, ndi kuika batani pamene lilipo. Kawirikawiri anthuwa amagwira ntchito nduna kapena bwana atalengeza kale tsiku lotsegulira. Ndiye ngati kwatsala masabata awiri, mwinanso masiku awiri okha, angaphunzire chiyani kwa anthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho? Nanga zimene aphunzira mothamanga chotero zingadaliridwe mpaka pati?

Si kalembera, n'kuyesa chovala

Kafukufuku amene tikunena pano ndi wosiyana ndi wa kuyunivesite kapena kalembera wa anthu. Sakufuna kudziwa chiwerengero cha anthu amene ali ndi maganizo akutiakuti. Amangothandiza okonza chinthu kusankha pakati pa njira ziwiri kapena zitatu zimene akulimbana nazo tsiku limenelo. Telala wa pakhonde akamasoka suti ya ukwati samaliza zonse kenako n'kuitana mwini wake. Amayamba waphatikiza nsalu ndi ulusi wongogwirizira, mwini wake avale, akweze manja, akhale pansi, ndipo pamene pakuthina paonekere nsalu isanadulidwe komaliza. Ntchito yake ndi yomweyo.

Boma la Britain linakhazikitsa nthambi ya Government Digital Service mu 2011, ndipo chaka chotsatira nthambiyi inatsegula tsamba la GOV.UK. Mfundo yake yoyamba inali yakuti ntchito iliyonse iyambire pa zosowa za munthu woigwiritsa ntchito, osati pa zofuna za ofesi. Kuchokera nthawi imeneyo, ntchito zikuluzikulu za boma za pa intaneti zimayenera kuonetsa kwa oziunika kuti zinayesedwa ndi anthu enieni zisanatsegulidwe kwa aliyense. Nthambiyi inalimbikitsanso kuti aliyense wa m'gulu lokonza, kaya ndi wolemba mapulogalamu kaya ndi mkulu wa ntchito, azitha maola awiri pa masabata 6 alionse akuonerera anthu akugwiritsa ntchito chimene iye akukonza. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Bwana akhoza kutsutsa lipoti la masamba 40, koma amasowa chonena akaona yekha mayi akufunafuna batani kwa mphindi zitatu osalipeza.

Nthawi ikachepa amayambira pati?

Umboni wotsika mtengo kuposa wonse ndi umene ulipo kale. Oyankha mafoni ku khonsolo, olandira alendo pakhomo ndi othandiza anthu mu laibulale amadziwa mafunso amene amabwera tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo sanafunsidwepo ndi aliyense wa m'chipinda cha okonza. Ola limodzi ndi anthu amenewa limaulula zimene zikanatenga mwezi. Makompyuta nawonso amasunga mbiri yake: tsamba limene anthu ambiri amalekera fomu panjira, ndi mawu amene amalemba akamafufuza chinthu. Mawuwo kawirikawiri si a ofesi. Kwathu ofesi imalemba za zipangizo zaulimi zotsika mtengo, pamene mlimi akufunsa za makuponi. Tsamba limene silidziwa mawu a mlimiyo lamutaya asanayambe n'komwe.

Njira yachiwiri, imene ndiyo mtima wa ntchito yonseyi, ndi kuonerera. Wofufuza safunsa munthu ngati chinthucho wachikonda. Amam'patsa ntchito yoti achite, mwachitsanzo kumuuza kuti mwana wake akuyamba sukulu chaka chamawa ndipo aonetse mmene angamulembetsere, kenako amakhala chete. Munthuyo amapemphedwa kuti azilankhula zimene zikubwera m'mutu mwake pamene akuyesa. Chovuta kwambiri kwa wofufuza watsopano ndi kudziletsa kuthandiza. Dzanja limayabwa kufuna kuloza pamene pali batani, koma akangoloza ndiye kuti wafufuta chimene anabwerera, chifukwa tsiku lenileni munthuyo adzakhala yekha ndi foni yake usiku ana atagona.

Kuyesa kotereku sikudikira kuti pulogalamu ilembedwe. Masamba a fomu akhoza kujambulidwa ndi pensulo pa mapepala, munthu akuloza ndi chala, wina akusintha mapepalawo ngati kuti ndiye kompyuta. Anthu amamasuka kutsutsa chojambula cha pensulo kusiyana ndi chinthu chonyezimira chimene chikuoneka kuti wina wachivutikira miyezi yambiri. Ngati palibe nthawi yoitana anthu ku ofesi, ofufuza amapita kumene kuli anthu: tebulo limodzi pa malo ngati Barking Learning Centre, laibulale ya pakati pa tauniyi, kupempha wodutsa aliyense mphindi 10 zokha.

Ena amafupikitsa nthawi mopitirira apo. Akatswiri a kampani ya Microsoft anafotokoza mu 2002 njira imene ankagwiritsa ntchito pokonza masewera a pakompyuta: vuto likaonekera bwino pa munthu woyamba, likonzedwe nthawi yomweyo kuti wachiwiri ayese chokonzedwacho. Jake Knapp ndi anzake a ku Google Ventures anatchukitsa, kudzera m'buku la mu 2016, dongosolo la masiku asanu: Lolemba kumvetsa vuto, Lachinayi kupanga chitsanzo, Lachisanu kuchiyesa ndi anthu asanu.

Mafunso olembedwa otumizidwa kwa anthu ambiri ndiwo amakopa mabwana, chifukwa amabweretsa manambala ooneka bwino pa msonkhano. Koma pa ntchito yothamanga ndiwo ofooka kwambiri. Amayankhidwa ndi okhawo amene ali kale pa intaneti ndipo ali ndi nthawi, komanso amangotiuza zimene anthu amanena kuti amachita.

Nambala ya 5 inachokera kuti?

Mu 1993, Jakob Nielsen ndi Thomas Landauer anasonkhanitsa zotsatira za mayeso angapo a mapulogalamu a pakompyuta n'kuwerengera mmene mavuto amatulukira anthu akamawonjezeredwa. Anapeza kuti munthu mmodzi amaulula pafupifupi mavuto 31 mwa mavuto 100 alionse amene ali m'chinthucho. Wachiwiri amabwereza ena mwa omwewo n'kuwonjezerapo atsopano, wachitatu chimodzimodzi, koma atsopanowo amanka nachepa. Pofika munthu wachisanu, mavuto pafupifupi 85 mwa 100 amakhala ataonekera. Mu 2000 Nielsen analemba nkhani yaifupi yolangiza kuti anthu asanu n'ngokwanira, ndipo nambalayi inafalikira dziko lonse. Uphungu wake weniweni unali wakuti ngati pali ndalama yoyesera anthu 15, ndi bwino kuyesa asanu katatu, kukonza pakati pa ulendo uliwonse, kusiyana ndi kuyesa onsewo kamodzi.

Mu 2003 wofufuza wina, Laura Faulkner, anayesa chinthu chimodzi ndi anthu 60, kenako n'kumatola magulu a anthu asanu mwachisawawa kuti aone zimene gulu lililonse likanapeza palokha. Magulu ena anapeza mavuto 99 mwa 100, koma ena anapeza 55 okha. Atakweza gulu kufika pa anthu 10, lotsika kwambiri linapeza 80, ndipo pa anthu 20 linapeza 95. Tanthauzo lake n'lakuti amene wayesa anthu asanu sadziwa ngati wagwera gulu la mwayi kapena la tsoka.

Palinso chenjezo limene Nielsen yemweyo anapereka koma ambiri amaliiwala: nambalayi imagwira ntchito ngati anthu ogwiritsa ntchito chinthucho ali ofanana. Ngati ali m'magulu osiyana kwambiri, gulu lililonse lifunika anthu ake atatu kapena anayi. Mayi akamalawa ndiwo amangotunga kamsuzi pang'ono n'kudziwa ngati mchere wakwana, koma amatero atavundula mphika. Supuni ya pamwamba pa mphika wosavundula imanama. Ndipo Barking ndi mphika umene sungavundulike.

Asanu ake ati?

Kalembera wa mu 2021 anapeza anthu pafupifupi 218,900 m'dera la khonsolo ya Barking and Dagenham, kuchoka pa 185,900 mu 2011. Mu 2001, anthu 81 mwa 100 alionse kumeneko ankadzitchula azungu a ku Britain. Mu 2021 anali 31 okha. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse ndi mwana wosakwana zaka 16, ndipo derali lili m'gulu la madera osauka kwambiri mu London. Ndi limodzinso mwa madera amene ali ndi anthu ambiri ochokera ku Africa m'dziko lonselo.

Tsono tiyerekeze kuti ofufuza akhazika tebulo lawo mu laibulale Lachiwiri nthawi ya 11 koloko m'mawa. Apeza opuma pantchito, amayi a ana aang'ono ndi ophunzira. Sapeza wosamalira okalamba amene wagwira ntchito usiku wonse ndipo ali mtulo, kapena woyendetsa galimoto yogawa katundu, kapena nkhalamba imene siituluka m'nyumba. Wosadziwa bwino Chingerezi akaona mlendo wanyamula kabuku amadutsa cha patali, ndipo amene nkhani ya chiphaso chake sinalongosoke amadutsa patali kwambiri. Anthu asanu amene avomera kukhala pansi ndi amene ali omasuka kale ndi maofesi, pamene fomu imapweteka kwambiri amene sanaime aja. Palinso chinthu china chimene aliyense wokulira m'banja la obwera amachidziwa: nthawi zambiri wodzaza fomu si mwini wake koma mwana wa zaka 14 amene akumasulira agogo ake. Wogwiritsa ntchito ndi anthu awiri, ndipo kuyesa mmodzi yekha sikuonetsa pamene uthenga umasokonekera pakati pawo.

Chitsanzo chachikulu cha nkhaniyi chinachitikira pafupi ndi Barking pomwepo, ku Newham, dera loyandikana nalo kutsidya kwa mtsinje wa Roding. Mliri wa Covid-19 utavuta mu 2020, boma linafulumira kukonza pulogalamu ya pafoni yochenjeza munthu amene wayandikana ndi wodwala. Linayamba kuiyesa kumayambiriro kwa Meyi pa chilumba cha Isle of Wight, malo osavuta kuwayang'anira popeza n'ngozunguliridwa ndi nyanja. Mayesowo anathandizadi, pakuti zinadziwika kuti pulogalamuyo inkazindikira mafoni a iPhone 4 okha mwa 100 alionse, ndipo mu Juni boma linaisiya n'kuyamba ina yodalira luso la makampani a Apple ndi Google. Koma panali dandaulo lina: anthu a pachilumbachi ambiri ndi achikulire, azungu, olankhula Chingerezi, osiyana kwambiri ndi a m'madera amene mliri unkapha anthu ochuluka. Newham ndiyo inali ndi chiwerengero chokwera kwambiri cha imfa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu m'miyezi yoyamba ya mliriwo. Pulogalamu yachiwiri itakonzedwa, mu Ogasiti Newham inaikidwa m'mayeso, ndipo pamene inkatsegulidwa ku England ndi Wales pa 24 Sepitembala inali m'zinenero zingapo, kuphatikizapo Chibengali, Chiurdu ndi Chiromaniya. Ngakhale zinali choncho, sinkagwira pa mafoni akale monga iPhone 6. Amene analibe ndalama yogulira foni yatsopano anatsala kunja, ndipo palibe kusintha mawu kapena batani kumene kukanawalowetsa.

Amalawi anaziona kale izi

Kwa womvera wa ku Malawi, Zambia kapena Mozambique nkhaniyi si yachilendo, kungoti inabwera pa galimoto ya bungwe osati pa kompyuta. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri a chitukuko atatopa ndi mafunso ataliatali amene zotsatira zake zinkatuluka ntchito itatha kale, anayamba njira zofufuzira mwachangu kumidzi. Mmodzi mwa otsogolera anali Robert Chambers wa ku Institute of Development Studies ku Sussex. Iye ankalimbikitsa kuti wofufuza asankhe mwadala zimene safunika kudziwa, ndipo asayeze chinthu mosamalitsa kuposa mmene chigamulo chake chikufunira. Koma m'buku lake la mu 1983 anafotokozanso mmene maulendo achangu amanamizira alendo. Galimoto imatsata msewu wa phula, ndiye midzi yoonedwa ndi ya m'mbali mwa msewu. Alendo amabwera m'chilimwe misewu ili youma, osati mu Febuluwale pamene nkhokwe zili mbee ndipo malungo ali paliponse. Amalandiridwa ndi amfumu, a komiti ndi abambo odziwa kulankhula, pamene mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi ali kuganyu.

Msewu wa phula wa Chambers ndiye laibulale ya Lachiwiri m'mawa ija. Mankhwala ake ndi amodzi: popeza nthawi ndi yochepa, asanuwo asankhidwe mwadala kuchokera kwa amene chinthucho chingawavute kwambiri. Fomu imene wakwanitsa kudzaza munthu wa maso ofooka, wa foni yakale ndi Chingerezi chochepa, loya adzaidzaza mosavuta. Koma imene wadzaza loya sitiuza kanthu za munthu woyamba uja. Ndipo njira yachidule yofikira anthu otere si kuwadikira pa tebulo koma kudzera kwa amene amawakhulupirira kale: mipingo, mizikiti, malo ogawirako chakudya ndi magulu a anthu ochokera dziko limodzi.

Vuto la ulemu

Pali msampha wina umene mabuku ambiri a ku Ulaya saukamba mokwanira. Kwathu munthu wogona m'chipatala akafunsidwa mmene alili amayankha kuti ali bwinoko. Mlendo amene wabwera ndi chinthu chatsopano, wavala bwino ndipo wapereka moni mwaulemu, sauzidwa pamaso kuti chinthu chake n'chosokoneza. Amauzidwa kuti chili bwino, zikomo kwambiri. Ngati pali chiyembekezo choti mlendoyo abweretsa thandizo, yankho limakoma kuposa pamenepo. Ambiri ochokera ku Africa ndi ku Asia amene akukhala ku Barking anakulira m'makhalidwe ofanana ndi amenewa, ndipo munthu akalephera kudzaza fomu amayamba wadzidzudzula yekha kuti sukulu sanapite nayo patali.

N'chifukwa chake wofufuza wodziwa ntchito amanena poyambirira kuti chimene chikuyesedwa ndi fomu osati munthu, ndipo ngati n'zoona amawonjezera kuti iye si amene anaikonza, kuti munthuyo asaope kumukhumudwitsa. Safunsa zimene munthu angachite m'tsogolo, koma zimene anachita ulendo watha: anapita kuti, anafunsa ndani, zinatenga masiku angati. Akale anati safunsa anadya phula, koma wofunsa molakwika naye amadya phula lomwelo, kungoti amalidya akuganiza kuti ndi uchi.

Sitolo yopanda malonda ya mu Ripple Road

Barking inayesapo njira ina yothetsera vuto la nthawi: kumanga ubale ndi anthu funso lisanabwere. Mu Novembala 2017, bungwe la Participatory City Foundation, lotsogoleredwa ndi Tessy Britton, linayamba ntchito yotchedwa Every One Every Day mogwirizana ndi khonsolo ya derali, Britton ndi anzake atayesa kale maganizowa pang'ono ku West Norwood, kumwera kwa London. Linatsegula masitolo m'misewu ya anthu ambiri, ina mu Ripple Road ku Barking ndipo ina mu Church Elm Lane ku Dagenham. M'masitolomo simunkagulitsidwa kanthu. Munthu ankalowa, kumwa tiyi, n'kufotokoza chimene akufuna kuti chizichitika m'dera lake, kaya kuphika pamodzi, kuphunzitsana kusoka kapena kulima masamba pa kamalo kongokhala. Ogwira ntchito ankamuthandiza kuyesa ganizolo pang'ono m'masabata ochepa, osadikira komiti kapena fomu yopemphera ndalama. Chimene chakopa anthu chinkapitirira, chimene sichinakope chinkasinthidwa kapena kusiyidwa.

Uku sikunali kuyesa masamba a pa intaneti, koma mfundo yake ndi ya telala yemwe uja. Phindu lina limene limaiwalika n'lakuti bungwe limene lili ndi khomo lotseguka mumsewu silivutika kupeza anthu oti liwafunse Lachinayi madzulo. Kufulumira kwa kafukufuku wa masiku awiri kumadalira maubale amene anamangidwa kwa zaka. Komabe khomo lotseguka nalo limasankha: olowa ndi amene ali ndi mpata ndi mtima wocheza.

Zimene sangathe kuona

Kafukufuku wachangu amayankha bwino funso loti chinthu chikuvuta pati ndipo chifukwa chiyani. Sayankha funso loti ndi anthu angati. Ngati atatu mwa asanu akanika pa tsamba lachiwiri, tsambalo likonzedwe, koma kulemba mu lipoti kuti anthu 60 mwa 100 alionse amakanika ndi bodza lovala manambala.

Saonanso zimene zimabwera pakapita nthawi, ndipo pamenepa dera lathu lili ndi chipsera. Mjigo wotchedwa PlayPump unkapopa madzi ana akamazungulira pa chosewerera. Mu 2006 boma la America ndi mabungwe ena analonjeza madola 16.4 miliyoni kuti mijigoyi ifalikire, ndipo inaikidwa m'maiko monga Mozambique, Malawi ndi Zambia. Mlendo aliyense wofika ndi kamera ankapeza ana akuthamangira kukazungulira mosangalala. Alendo akachoka ndipo chidwi cha ana chikatha, amayi ndiwo ankatsala akukankha chigudumu cholemeracho ndi manja, ena atachotseredwa mjigo wamba umene unkawathandiza bwino. Mu 2009 nyuzipepala ya The Guardian inawerengera kuti ana akanayenera kusewera maola 27 pa tsiku kuti mjigo umodzi ukwanitse madzi a anthu amene ankanenedwa. Chaka chotsatira bungwe limene linkatsogolera ntchitoyi ku America linatseka. Ulendo wa tsiku limodzi ukanapeza ana osangalala nthawi zonse, pakuti kubwera kwa mlendoko ndiko kunkawasonkhanitsa.

Ku Kenya zinayenda mosiyana. M-Pesa inayamba kuyesedwa mu 2005 ngati njira yobwezera ngongole zing'onozing'ono. Pa miyezi ya mayesowo okonza anaona kuti anthu akuigwiritsa ntchito potumizirana ndalama, chinthu chimene sichinali cholinga choyamba, ndipo pamene Safaricom inkaitsegula mu Malichi 2007 inaitsatsa ngati njira yotumizira ndalama kumudzi. Zimenezi sizikanaoneka pa masana amodzi. Choncho muyeso wabwino ndi kufunsa kuti chigamulocho chikalakwika chingabwezedwe mosavuta bwanji. Mawu a pa batani akhoza kusinthidwa mawa, ndipo anthu asanu n'ngokwanira. Kuzula mjigo wa mudzi, kutseka ofesi imene anthu amapitako maso ndi maso, kapena kuthetsa khadi limene munthu amaligwira m'manja ndi nkhani ina.

Ku Malawi nthawi yothina kwambiri imaikidwa ndi mvula, imene siidikira ofesi iliyonse. Pamene ndondomeko ya AIP inkayamba mu 2020, alimi ankagula feteleza poonetsa chitupa cha unzika chimene chinkawerengedwa ndi foni ya wogulitsa, ndipo m'madera ambiri kunamveka madandaulo a netiweki yovuta ndi mizere ya anthu ogona pa depoti. Chida chotere chikayesedwa mu ofesi ku Lilongwe chimayenda bwino. Malo ake oyesera ndi depoti ya kutali ndi nsanja ya mafoni, dzuwa likuwala pa galasi, batire ili pafupi kutha ndipo anthu 200 akudikira panja. N'chimodzimodzinso ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, kumene kawirikawiri wodina manambala ndi ejenti wa pa kachisakasa pamene mwini ndalama waima pambali.

Mukapemphedwa kutenga nawo mbali

Womvera amene akukhala ku Britain akhoza tsiku lina kuimitsidwa mu laibulale kapena kulandira uthenga womupempha kuyesa ntchito ina ya boma kapena ya khonsolo. Muli ndi ufulu wokana, ndiponso wosiya pakati popanda kupereka chifukwa, ndipo kukanako sikuyenera kukhudza thandizo limene mumalandira. Musanayambe, wofufuza ayenera kukuuzani bungwe limene lamutuma, ngati akujambula mawu kapena chithunzi, amene adzaone zojambulazo ndi nthawi imene zidzasungidwe. Malamulo oteteza mbiri ya munthu a ku Britain amafuna zimenezi, ndipo Malawi naye anakhazikitsa lamulo lake la mtundu womwewu mu 2024. Kufulumira kwa ofufuza sikuchotsa udindo umenewu.

Kawirikawiri simufunika kulemba dzina lanu lenileni, nambala ya pasipoti kapena ya ku banki pa fomu yoyesera, ndipo wofufuza weniweni sadzakufunsani nambala yanu yachinsinsi. Mukhoza kupempha kugwiritsa ntchito foni yanu m'malo mwa kompyuta yawo, kapena kubwera ndi amene amakuthandizani kumasulira, pakuti ndi mmene mumachitira kunyumba. Kucheza kokonzedweratu kumatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo nthawi zambiri otenga mbali amapatsidwa kavocha kogulira zinthu m'sitolo pothokoza nthawi yawo.